ZA TIZIROMBO NDI NTHENDA ZA MTENGO WA TIYI NDI ABALE ACE

Kwa eni mbumba ndi eni makomo okhala ku mapiri a Dedza.

Ambiri a inu munafikako ku Thyolo kapena ku Mulanje, ena kukagwira nchito, ena kukaona abale, ndipo munaona zitunda zathunthu zitapfundidwa ndi tiyi wobiriwira, pa nyengo imene kwathu kuno udzu wonse uli wouma. Munthu akaona zotere mtima umamuuza kuti, Kodi kwathu sikuzizira koposa kuno? Nditenge timitengo tingapo ndikaoke kuseri kwa nyumba. Enanso amakopeka ndi mbale wace wa tiyi, ndiye mtengo wochedwa kameliya, wa masamba onyezimira ndi maluwa akuru ofiira kapena oyera, umene anthu amaoka pa khomo cifukwa ca kukongola kwace. Mitengo iwiriyi ndi ya pfuko limodzi. Kwao ndi ku China, ku Japan ndi maiko oyandikana nao. Ndipo cimene cidwalitsa wina, kawiri kawiri cimadwalitsanso mnzace. Cifukwa cace tikachula tiyi m'kalata muno, mudziwe kuti tachulanso kameliya.

Tiyambe ndi kunena zoona. Dedza si dziko la minda ya tiyi. Mtengowu umafuna mvula yoposa mamilimita 1,200 pa caka, ndiponso sufuna kukhala miyezi yambiri wosalawa madzi. Ku Mulanje mvula imaposa pamenepo kutali, ndipo ciperoni cimanyowetsa nthaka m'miyezi yozizira. Kuno mvula imacepera, nigwa pafupifupi yonse kuyambira Novembala kufikira Epulo. Cifunga ca pa phiri cimanyowetsa masamba okha, sicifika ku mizu. Tsono munthu asazule cimanga cace kapena mbatata kuti aoke tiyi. Koma mitengo isanu kapena khumi pafupi ndi citsime, imene mukhoza kuithirira m'cirimwe, imeneyo itheka. Ndipo ngakhale inu amene simudzaoka tiyi konse muwerenge ndithu, pakuti nthenda yoopsa koposa ya tiyi ndiyo yomwe imapha mapicesi, khofi ndi paini.

NTHENDA YOCOKERA M'ZITSA

Munthu aswa mphanje, agwetsa mitengo, atentha nthambi, nasiya zitsa m'nthaka monga mwa cizolowezi cathu. Pakuti cimanga ndi nyemba sizisamala zitsa. Pambuyo pace aoka mitengo yace pamenepo. Caka coyamba ikula bwino, caciwirinso comwemo. Caka cacitatu mtengo umodzi, umene uli pafupi ndi citsa, uyamba kufota. Masamba ace asanduka acikasu, nauma, ndipo ambiri atsala alikulendewera pa nthambi osagwa. Mwini wace athira madzi, koma osathandiza kanthu. Caka camawa afa anansi ace awiri, pambuyo pace anai, ndipo imfa imka nifalikira mozungulira monga cipere pa mutu wa mwana. Pamenepo mpamene anthu amayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu.

Palibe dzanja la munthu ai. Tengani khasu, mufukule pa tsinde la mtengo wakufawo. Mudzaona tsinde litang'ambika m'litali mwace, pamene likomana ndi nthaka. Ndipo mukasenda khungwa ndi mpeni mudzapeza zoyera zoyalana pakati pa khungwa ndi mtengo, zonga pepala lonyowa, zolowanso m'ming'alu, ndi pfungo lace la bowa. Nthawi zina m'dzinja mumaturuka bowa weni weni pa tsindepo, wa maonekedwe a uci, womera mounjikana. Ameneyo ndiye wakupha. Ophunzira amamuchula Armillaria.

Tamverani makhalidwe ace, pakuti wakudziwa makhalidwe a mbala ndiye amadziwa pochinga. Bowa ameneyu ngwa m'nkhalango zathu zomwezi. Sanabwere ndi tiyi. Amakhala pa mizu ya mitengo ya m'chire, koma mtengo uli wamoyo umalimbana naye, ndipo iye amangokhala pa kabala kakang'ono wosapitirira. Mtengo uli wonse umasunga cakudya conga ufa m'mizu yace, monga munthu asunga cimanga m'nkhokwe. Tsiku limene mugwetsa mtengo, mizu siifa pomwepo. Imakhala miyezi yambiri, kapena zaka, ili yaiwisi ndi yodzala cakudya, koma mphamvu yakudzichinjiriza yatha. Ndiyo nkhokwe yopanda mwini. Bowa alowa, adya, nalimba, nayenda muzu wonse kufikira kunsonga. Ndipo muzu wa tiyi kapena wa picesi ukakhudza muzu wobvundawo pansi pa nthaka, bowa aoloka. Akapha mtengo umenewo, mizu yace isandukanso mlatho wofikira kwa mnansi.

Zimenezi zinadziwika bwino m'dziko lathu lomwe lino. Tiyi atafika ku Mulanje m'caka ca 1891, kucokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre, minda yambiri inalimidwa pogwetsa nkhalango, ndipo nthendayi inapha mitengo yosawerengeka. Katswiri wa nthenda za mbeu dzina lace R. Leach anaifufuza kumeneko, nalemba zimene anapeza m'zaka za 1937 ndi 1939. Anaona kuti mitengo yoopsa koposa ndiyo imene mizu yace imacedwa kufa, ndipo muula uli pakati pa imeneyo. Anapezanso njira yakuchinga, yosafuna ndalama, koma nkhwangwa ndi kuleza mtima basi.

Njirayo ndi iyi. Musagwetse mtengo uli wamoyo. Yambani mwacotsa khungwa kuzungulira thunthu lonse monga cibangiri, kukula kwace ngati zikhato ziwiri, osasiya ngakhale kaluzi kamodzi kolumikiza pamwamba ndi pansi. Madzi amakwera m'kati mwa thunthu, cotero masamba sauma msanga. Koma cakudya cimene masamba amapanga cimatsikira ku mizu podzera m'khungwa, ndipo njira imeneyo mwaidula. Tsono mizu iyamba kudya za m'nkhokwe yace kufikira zitatha. Pakutha caka, kapena kuposerapo, mtengo uuma ciriri, mizu yace ili yopanda kanthu, ndipo abowa ena osabvuta amailanda Armillaria asanakhazikike. Pamenepo gwetsani. Koma muzipitako kawiri kawiri, pakuti mitengo yathu ya m'chire imaphuka msanga pansi pa cibangirico; mphukira zimenezo muzizithyola zikali zazing'ono, cifukwa mukazileka zidzadyetsanso mizu, ndipo nchito yanu idzapita pacabe.

Sitirikunena kuti muyambe kusenda mitengo ponse ponse. Za m'nkhalango ya Boma, monga ya Chongoni kapena ya pa phiri la Dedza, musazikhudze, ndi mlandu. Ndipo ngati pa malo anu pali muula wobala, ife tikuti muusiye, muoke tiyi wanu kutali nao. Maula amapulumutsa ana m'miyezi ya njala. Tiyi sanapulumutsepo munthu ku njala.

Nanga iye amene anagwetsa kale? Akumbe zitsa, natsate mizu, nazule yonse kufikira yaing'ono ngati cala, naitenthe. Ncholemetsa, tidziwa, ndipo ambiri adzati, Zitsa zimabvunda zokha. Inde zimabvunda, koma pobvundapo mpamene zimadyetsa mdani. Wosakhoza kukumba alime cimanga pamenepo zaka zingapo, pakuti mbeu za mtundu wa udzu sizigwidwa nayo nthendayi. Cinangwa cokha asabzalepo, cimagwidwa.

Mtengo umene wayamba kale kufota ndi nthendayi sucira. Palibe mankhwala opopera masamba amene afika pansi pa khungwa la muzu, ndipo wakukugulitsani otere alikungokudyerani ndalama. Uzuleni ndi mizu yace yonse, mufunenso muzu wakale umene unabweretsa nthenda. Kawiri kawiri mudzaupeza pomwepo, uli wofewa ndi wonyowa. Muyang'anenso matsinde a mitengo yoyandikana nao. Ngati yagwidwa ingapo, kumbani ngalande yakuya kufika m'cuuno kuzinga malo onsewo, ndi kuponya dothi m'kati, osati kunja. Pa dzenjepo pamere udzu zaka ziwiri musanaokepo mtengo wina.

CIKASU CA NJALA

Si cikasu conse cicokera kwa bowa. Kale ku Mulanje kunali nthenda imene inazunguza eni minda zaka zambiri. Masamba anthete anaturuka ang'onoang'ono, acikasu, oimirira ndi opindika m'mbali, mfundo zinayandikana, masamba anathothoka, ndipo nthambi zinayamba kuuma kucokera kunsonga. M'caka ca 1933 Leach yemweyo, pamodzi ndi H. H. Storey wocokera ku Amani m'Tanganyika, anaonetsa kuti simunali kacirombo m'mitengomo: inali njala. Nthaka inasowa sulfure. Atathira za sulfure, mitengo imene anthu anaitaya mtima inaphukanso yobiriwira.

Mau amenewa ngofunika kuno, pakuti nthaka zambiri za dziko lathu ziri zosowa sulfure, ndipo kutentha chire caka ndi caka kumaonjeza kusowako, cifukwa sulfure wa m'udzu amapita ndi utsi. Mudzazindikira njalayi motere: imayamba pa masamba anthete a kunsonga, ndipo mtengo sufota monga umacitira ndi bowa uja, tsinde lace liri lamphumphu. Mankhwala ace ndi manyowa obvunda bwino, ndi feteleza wokhala ndi sulfure. Wochedwa sulphate of ammonia ali naye wambiri, ndiponso amakondweretsa tiyi pa cifukwa cina cimene tichule tsopano apa. Pa thumba la feteleza wosakaniza yang'anani cilembo S, monga pa uja wa 23:21:0+4S. Yureya ndi CAN alibe sulfure. Mungathire wambiri, cikasu cotere sicidzacoka.

Cifukwa cinaco nciti? Tiyi ndi kameliya amafuna nthaka yowawasa, imene mbeu zina zambiri siziikonda. Apa mpamene munthu wakhama amalakwa cifukwa ca khama lace lomwe. Aona mtengo wace uli wofoka, nauthira phulusa la m'khichini, pakuti phulusa linathandiza maungu ndi nthoci. Koma phulusa ndi laimu zimapha kuwawasa kwa nthaka, ndipo mtengo umapinimbira, masamba ace nayezuka, mitsempha yokha ili yobiriwira. Momwemonso dothi la pa culu, ndi pa bwinja pamene panali nyumba kapena dzala. Eni minda ya tiyi amadziwa kuti pakati pa munda wabwino pamakhala kadera kozungulira pamene tiyi amakana, ndipo akafunsa akuru a pamalopo amamva kuti panali mudzi. Cotero zitsa zanu muzitenthere kutali ndi pamene mudzaoka, ndipo amai a pa khomo adziwe kuti phulusa ndi madzi ocapira siziyenera kutayidwa patsinde pa mitengo imeneyi.

UDZUDZU WA TIYI

Mwa tizirombo tonse, kobvuta kwambiri ndi kamene anthu a ku minda amakachula udzudzu wa tiyi, ndi ophunzira Helopeltis. Si udzudzu weni weni, ndipo sikaluma munthu. Nkoonda, kofiirira, ka miyendo yaitali ndi nyanga zazitali zakuda, ndipo pamsana pace paimirira kanthu konga singano ya mutu. Kamabaya tsamba lanthete kapena nsonga, nikayamwa madzi, nikasiya malobvu aululu. Pobayapo payamba kuoneka kadontho konyowa, mawa lace kasanduka kofiirira, pambuyo pace kakuda. Madontho akacuruka tsamba limakwinyika, nsonga niuma monga yopserera. Kamodzi kokha kakhoza kubaya malo ambiri tsiku limodzi, cifukwa cace munthu amaona cionongeko cacikuru osaona wakuononga. Kakabaya nthambi yanthete, balalo limakula pamodzi ndi nthambi nilisanduka cotupa cokakala. Leach ndi mnzace C. Smee anatsimikiza zimenezi m'caka comweco ca 1933, pamene ambiri anayesa kuti zotupazo ndi nthenda ina payokha.

Usana kamabisala pansi pa masamba. Mukafuna kukaona pitani mamawa mame asanakamuke, pamene kali kozizidwa ndi kaulesi, kapena madzulo. Kwa munthu wa mitengo khumi, mankhwala oposa onse ndiwo zala za ana ace: agwire, aphe. Mazira ace kamaikira m'kati mwa nsonga zanthete, cotero kuthyola nsonga kawiri kawiri, ndi kutentha zimene zabayidwa, kumacotsa ana asanaswe. Kamakonda mthunzi wambiri ndi malo oitirira. Tsono dulirani nthambi zopingasa kuti mphepo ipite. Muyang'anenso magwafa, mango ndi mapeyala a pa khomo, pakuti kamadyanso kumeneko, ndi thonje lomwe.

ZA M'CIRIMWE

Kuno kwathu miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi kuyamba kwa Novembala ndiyo yoyesa mtengo, ndipo adani atatu amadikira nthawi yomweyo.

Oyamba ndi akangaude ofiira, ang'onoang'ono ngati pfumbi la njerwa. Amakhala pamwamba pa masamba okhwima, kutsata mtsempha wa pakati, ndipo tsamba limataya kunyezimira kwace nilisanduka lofiirira ngati mkuwa. Pukutani tsamba ndi nsaru yoyera. Mukaona timizere tofiira, ndi iwo. Amacuruka pa mitengo yaludzu ndi ya m'mbali mwa mseu mmene muli pfumbi, ndipo mvula yoyamba yamphamvu imawakokolola. Musadikire mvula: tsukani masamba ndi madzi madzulo, kawiri pa sabata.

Waciwiri ndi ciswe. Anthu amacinenera zambiri, koma kawiri kawiri ciswe cimalowa pamene pafa kale: pa nthambi yodulidwa moipa ndi cikwanje cobuntha, pa khungwa lopsa ndi dzuwa, pa mtengo waung'ono wofoka ndi ludzu. Dulani ndi mpeni wakuthwa, mopendeka, kuti madzi asakhale pa bala. Cotsani zouma zonse. Ndipo mutadulira mtengo, ikani nthambi zoduliramo pamwamba pace masiku oyamba, kuti dzuwa lisaoche khungwa limene linazolowera mthunzi.

Wacitatu ndi bowa wina, wolowera pa mabala a tsinde la mtengo waung'ono. Khungwa limafa, nilimira, ndipo bala likazinga tsinde lonse mtengo uuma. Bala loyamba limacokera ku khasu la wopalira. Patsinde muzizula udzu ndi manja.

Onse atatuwa mankhwala ao ndi amodzi, ndiwo madzi ndi kuphimbira. Yalani udzu wouma wocindikala kuzungulira mtengo mvula isanathe, nthaka ikali yonyowa, koma musiye mpata wa cikhato pakati pa udzu ndi tsinde, kuti ciswe cisapeze pokwerera. Thirirani kwambiri kamodzi pa sabata, koposa kuwaza pang'ono masiku onse. Kameliya wa maluwa akamva ludzu pamene alikupanga maluwa, amawagwetsa asanamasule, ndipo mwini wace amafunafuna mbozi imene palibe. Za cisanu ca Juni ndi Julayi tingonena kuti musaoke m'dambo kapena m'cigwa mmene mphepo yozizira imagona. Nsonga zakuda za m'mawa wa cisanu si nthenda, zidzaphukanso.

MWAYE PA MASAMBA

Mukaona masamba atada ngati denga la khichini, yang'anani pansi pa masamba a pamwamba pace. Mudzapeza nsabwe zakuda zounjikana pa nsonga, kapena tizirombo tina tomamatira tosayenda, tonga nkhanambo. Timeneti timayamwa madzi a mtengo ndi kuturutsa zotsekemera, ndipo mwayewo ndi nkhungu yomera pa zotsekemerazo. Nyerere zimakwera kudzanyambita, nizichinjiriza nsabwe kwa adani ao, monga mbusa acita ndi mbuzi zace. Sungunulani kacidutswa ka sopo m'ndowa ya madzi, mutsuke nsongazo madzulo, ndi kubwerezanso patapita sabata. Tizirombo tofiira tozungulira ta madontho akuda, timene mudzatipeza pomwepo, musatiphe, tirikudya nsabwe.

MBANDE

Mmera mpoyamba. Ambiri kuno adzafuna kufesa m'dimba, pakuti madzi ali pafupi. Koma dothi limene munakhala matimati, mbatata kapena fodya limakhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timatupitsa mizu nikhala ya mfundomfundo. Mazulani phata la matimati lofoka, mudzaziona mfundozo. Tiyi wamkuru amapirira nato, koma mbande zimapinimbira ndi kufa. Dothi la nazale mukatenge pa tsala la udzu pamene sipanalimidwe mbeu zimenezo, mutapalapo la pamwamba. Ndipo mbande iri yonse imene mwapatsidwa, yambani mwaona mizu yace musanaiike m'nthaka yanu.

ZA MANKHWALA OGULA

Kumbukirani kuti tsamba la tiyi silitsukidwa. Limafota, limaumitsidwa, nilimwedwa. Cimene mwapopera, ana anu adzacimwa. Mankhwala a thonje, a fodya kapena a matimati asafike pa mtengo umene mudzathyola, ngakhale atatsala m'botolo ndipo mulikumva cisoni kuwataya. Ndiponso mankhwala amphamvu amapha adani a akangaude pamodzi ndi tizirombo tina, ndipo pambuyo pace akangaude amabwera ocuruka koposa kale. Ngati cinthu cakukanikani, tengani nthambi yodwala ndi muzu womwe, mupite nazo kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanu. Nyumba yofufuza za tiyi, ya Tea Research Foundation of Central Africa, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1966, iri pa Mimosa ku Mulanje, ndipo mitundu yambiri ya tiyi imene alimi amaoka masiku ano inasankhidwa kumeneko.

Catsala cinthu cimodzi, ca iwo oyenda maulendo akutali. Ku Asia kuli nthenda ya matuza pa masamba anthete a tiyi, imene inalowa kumwera kwa India ndi pa cisumbu ca Sri Lanka m'caka ca 1946, ndipo kufikira lero alimi a kumeneko amapopera mankhwala nyengo yonse ya mvula cifukwa ca iyo. M'minda ya tiyi ya mu Africa nthendayi mulibe. Imakonda cifunga ndi kuzizira, monga kwa mapiri athu ano. Cifukwa cace mwana wanu kapena mkamwini akalemba kuti adzakutengerani kamtengo ka maluwa kokongola kucokera kutsidya kwa nyanja, mumyankhe kuti akasiye komweko. Mbeu yolowa m'dziko iyenera kukhala ndi cilolezo ca Boma ndi kuyesedwa ndi oyang'anira pa cipata.